Kuika operating system yatsopano mu laputopu: mafunso ndi mayankho

Laputopu iliyonse imadalira pulogalamu imodzi yaikulu, operating system, imene imadzuka munthu akangodina batani loyatsira. Ndi imene imalamulira sikirini, kiyibodi, disiki, batire ndi WiFi, komanso imapatsa mapulogalamu ena onse, monga Word kapena Chrome, malo ogwirirapo ntchito. Zodziwika kwambiri ndi Windows ya Microsoft, macOS ya Apple ndi Linux ya mitundumitundu. Ku Lusaka, kuika operating system yatsopano ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa okonza makompyuta a ku City Market, mu Katondo Street ndi m'timashopu ta pakati pa Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road, chifukwa malaputopu ambiri otsika mtengo ogulitsidwa m'tauni anagwirapo kale ntchito m'maofesi a mayiko ena.

Kodi ntchitoyi ili ndi njira imodzi, kapena zilipo zingapo?

Njira zilipo zitatu, ndipo kusazisiyanitsa ndi kumene kumatayitsa anthu mafayilo. Yoyamba ndi kukweza, mwachitsanzo kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11 kudzera mu Windows Update; mafayilo ndi mapulogalamu amakhalabe m'malo mwake. Yachiwiri ndi kubwezeretsa Windows yomweyo mmene inalili poyamba pogwiritsa ntchito Reset this PC. Imeneyi imafunsa ngati mwini wake akufuna kusunga mafayilo, koma mapulogalamu amene anaikamo amachoka onse. Yachitatu ndi imene anthu amati kufomata: disiki imafafanizidwa, ndipo operating system imalembedwa mwatsopano kuchokera pa fulashi. Kufomata kuli ngati kugwetsa nyumba n'kumanga ina pa maziko omwewo. Katundu amene sanatulutsidwe amakwiririka m'zibuma. Mayankho ambiri m'munsimu akunena za njira yachitatuyi, popeza ndi imene imachitika kwambiri m'mashopu.

Ndi liti pamene kufomata kumathandiza, nanga ndi liti pamene kumangotayitsa nthawi?

Kumathandiza ngati vairasi yakanika kuchoka, ngati Windows ikukana kuyaka ndipo njira zina zokonzera zalephera, ngati disiki yasinthidwa, kapena ngati laputopu yagulidwa kwa munthu wina ndipo sizikudziwika zimene anasiyamo. Pa laputopu yogula m'manja mwa munthu, kufomata ndi ntchito yoyamba ndithu, mwini watsopano asanalowetsemo pasiwedi ya ku banki kapena ya imelo.

Kuchedwa kwa laputopu ndi nkhani ina. Nthawi zambiri gwero lake ndi zida za m'kati: hard disk yakale ya mbale zozungulira, RAM ya 4 GB yokha, kapena fani yotsekeka ndi fumbi, vuto limene limakula m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala. Laputopu yotere imafulumira kwa masiku ochepa ikafomatidwa, kenaka imabwerera mwakale. Kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD, ndi kuwonjezera RAM kufika pa 8 GB ngati laputopuyo ikulola, kumabweretsa kusintha kumene kufomata kangapo sikungabweretse.

Chinasintha n'chiyani pa 14 Okutobala 2025?

Pa tsikulo Microsoft inasiya kupereka mwaulere zigamba za chitetezo za Windows 10, imene inatuluka mu Julayi 2015. Windows 7 inasiyidwa kale mu Januwale 2020, Windows 8.1 mu Januwale 2023. Laputopu ya Windows 10 siinazime tsiku limenelo, ikugwirabe ntchito, koma mipata yatsopano imene akuba a pa intaneti amaipeza siitsekedwanso. Microsoft inakonza dongosolo lowonjezera nthawi, la ESU, limene kwa anthu wamba linaikidwa kuti lifike pa 13 Okutobala 2026.

Kuopsa kwa kompyuta yosalandira zigamba kunaoneka mu Meyi 2017, pamene vairasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a mayiko ambiri, kuphatikizapo zipatala za ku Britain. Chigamba chotseka mpata umene inadzerapo chinali chitatuluka mu Malichi chaka chomwecho. Amene anavulala ndi amene anali asanachiike. Choncho amene akufomata laputopu lero n'kuikamonso Windows 7 kapena 10 pofuna kuigwiritsa ntchito pa intaneti ndi pa nkhani za ndalama, akuyambira pa malo ofooka.

Kodi laputopu iliyonse ingalandire Windows 11?

Ayi. Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, disiki ya 64 GB kapena kuposa, UEFI yotha kuyatsa Secure Boot, kachida ka chitetezo ka TPM 2.0, ndi purosesa imene ili pa mndandanda wa Microsoft. Pa mapurosesa a Intel Core mndandandawo umayambira kwenikweni pa m'badwo wa 8, umene unayamba kutuluka mu 2017. Pa AMD umayambira pa Ryzen 2000, ngakhale si onse a gulu limenelo amene alimo.

Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka. Wogulitsa akati "ndi Core i5" kapena "ndi Core i7" sananene m'badwo. M'badwo umawerengedwa pa nambala yotsatira: i5-6300U ndi wa 6, i7-7500U ndi wa 7, i5-8250U ndi wa 8. Motero i7 ya m'badwo wa 7 imakanidwa, pamene i5 ya m'badwo wa 8 imaloledwa. HP EliteBook 840 G3 ndi Dell Latitude E7470, malaputopu olimba amene makampani ankagula ambiri, ndi a m'badwo wa 6. Ndipo dzina la pa chivundikiro si lokwanira, popeza mtundu umodzi wa laputopu umatha kutuluka ndi mapurosesa osiyana. Nambala yeniyeni imaoneka mu Settings, pa System, kenaka About, ndipo pulogalamu ya Microsoft ya PC Health Check imanena mwachindunji ngati laputopuyo ikuyenera.

Pali njira zolambalala malamulowa, ndipo okonza ambiri amazidziwa. Windows 11 imalowa ndithu mu laputopu yakale, imayendanso. Koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotere siyitsimikiziridwa kuti izilandira zigamba, ndipo mtundu watsopano wa chaka chilichonse kawirikawiri sufika wokha. Wogula laputopu yolembedwa kuti ili ndi Windows 11 ali ndi chifukwa chokwanira choonera nambala ya purosesa asanalipire.

Nanga laputopu yokanidwa ndi Windows 11 yatha ntchito?

Siinathe. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, wa kampani ya Canonical yoyambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa; unatuluka koyamba mu Okutobala 2004. Zaka ziwiri zilizonse, m'mwezi wa Epulo, kumatuluka Ubuntu ya LTS yolandira zigamba kwa zaka 5, kotero kuti 24.04 idzafika mu 2029. Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu, ili ndi maonekedwe oyandikira a Windows ndipo ndi yosavuta kwa wozolowera Windows. Lubuntu ndi Xubuntu ndi zopepuka, zoyenera laputopu ya RAM yochepa. Palinso ChromeOS Flex ya Google, ya mu 2022, koma imeneyi imadalira kwambiri intaneti, ndipo amene amagula mabandulo a tsiku limodzi angaione yolemetsa.

Funso lofunika ndi lakuti mwini laputopu amagwira ntchito yanji. Wophunzira wa ku UNZA kapena ku Evelyn Hone College amene amalemba, kuwerenga ma PDF ndi kufufuza pa intaneti, Linux imamukwanira: LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina masanjidwe a tsamba amasuntha pang'ono. Ntchito zochitikira m'brawuza, monga imelo, WhatsApp Web ndi mafomu ambiri a pa intaneti, sizisankha operating system. Koma wosindikiza zikwangwani ndi makadi a ukwati amene amadalira CorelDRAW kapena Photoshop, wojambula mapulani ndi AutoCAD, ndi wowerengera ndalama wa Sage Pastel, mapulogalamu awo alibe mtundu wa Linux. Amenewa kuli bwino asinthe laputopu kusiyana ndi kusintha operating system.

Ubwino wina wa Ubuntu ndi Mint ndi wakuti munthu atha kuziyesa kuchokera pa fulashi osakhudza disiki, n'kuona ngati WiFi, mawu ndi kamera zikugwira.

Choyenera kuchitika n'chiyani ntchito isanayambe?

Kusamutsa mafayilo. Ili ndiye gawo lalitali ndiponso lofunika kuposa onse, chifukwa kulakwitsa kwina kulikonse kumakonzeka pobwereza ntchito, koma mafayilo ofafanizidwa kawirikawiri sabwerera, makamaka pa SSD. Zoyenera kukopera ndi mafoda a Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads, komanso zinthu zimene anthu amaziiwala: mapasiwedi osungidwa m'brawuza, mafayilo a mapulogalamu owerengera ndalama, maimelo a Outlook osungidwa mu laputopu momwemo, ndi manambala a laisensi a mapulogalamu ogula. Zikakoperedwa pa disiki yakunja, mafayilo angapo atsegulidwe kuchokera pamenepo pofuna kutsimikiza kuti alowadi. Mafulashi ena otsika mtengo amanama kukula kwake: amaonetsa 64 GB, amalandira mafayilo osadandaula, koma powatsegula amapezeka owonongeka.

Gawo lachiwiri la disiki, limene ambiri amalitcha D, si malo otetezeka, popeza lili pa disiki yomweyo ndipo limafafanizika ndi kudina kumodzi kolakwika. Ngakhalenso disiki yakunja yosungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu, kapena m'shopu imodzi, imateteza pang'ono chabe. Moto umene unatentha gawo lalikulu la City Market mu Julayi 2017 unawononga katundu wa amalonda ambiri usiku umodzi. Kope la mafayilo a bizinesi liyenera kugona kwina, kunyumba kapena pa intaneti.

Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, kiyi yake ya manambala 48 ilembedwe papepala. Kawirikawiri imapezeka mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Pomaliza, aone mu Settings, pa Activation, ngati Windows yake ndi Home kapena Pro, kuti adzaike yofanana.

Kodi fulashi yoikira imakonzedwa bwanji?

Pamafunika fulashi ya 8 GB kapena kuposa, yopanda kanthu, chifukwa zonse za pamenepo zimafafanizidwa. Windows imatengedwa pa webusaiti ya Microsoft, kudzera mu Media Creation Tool imene imakonza fulashi yokha, kapena monga fayilo ya ISO yolembedwa pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus. Ubuntu ndi Mint zimatengedwa pa mawebusaiti awo n'kulembedwa ndi Rufus kapena balenaEtcher. Kungokopera ISO pa fulashi monga mmene amakoperera nyimbo sikugwira ntchito, kupatula pa fulashi yokonzedwa ndi Ventoy, imene okonza amaikonda chifukwa imanyamula ma ISO angapo nthawi imodzi.

ISO ya Windows 11 imaposa 5 GB, ya Ubuntu 24.04 ili pafupifupi 6 GB, ya Mint pafupifupi 3 GB. Kwa wogwiritsa ntchito bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel, zimenezi ndi zoyamba chabe, popeza zigamba zobwera pambuyo zimadyanso ma GB angapo. N'chifukwa chake anthu amakonda kubwereka fulashi yokonzeka kale. Choopsa chake ndi ma Windows osinthidwasinthidwa, a mayina onga "lite" kapena "pre-activated", amene wina anachotsamo chitetezo ndipo palibe wodziwa zimene anawonjezeramo.

Ntchito yeniyeniyo imayenda motani?

Fulashi imalowetsedwa laputopu ili yozima. Poyatsa, munthu amadina mobwerezabwereza batani la boot menu: F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo, Esc pa Asus zambiri. Pa mndandanda umene ukuoneka amasankha fulashi, makamaka dzina loyamba ndi UEFI. Kenaka pamabwera mafunso a chilankhulo ndi kiyibodi. Apa kusankha kiyibodi ya UK pa laputopu ya US, kapena mosemphanitsa, kumachititsa kuti chizindikiro cha @ chisinthane malo ndi zizindikiro zogwira mawu, zimene zimavutitsa polemba imelo ndi pasiwedi.

Tsamba la magawo a disiki ndi limene limafuna diso. Wofuna kuyambiratu amafafaniza magawo onse a disiki ya m'kati mpaka itatsala malo amodzi opanda kanthu, ndipo pulogalamu yoikira imadula yokha magawo ofunika. Ngati laputopu ili ndi madisiki awiri, amasiyanitsidwa ndi kukula kwake, ndipo disiki yakunja yosungira mafayilo izulidwe ntchito isanafike pano. Kukopera kumatenga mphindi zosakwana ola pa SSD, ndipo laputopu imadziyatsa yokha kangapo. Ikabwereranso pa tsamba loyamba lija, ndiye kuti yayambiranso pa fulashi; fulashiyo ingozulidwa. Windows 11 imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft pomaliza. Posankha nthawi, Zambia ili pa UTC+2, imene mu Windows imalembedwa kuti Harare, Pretoria.

Magetsi akazima ntchito ili pakati, laputopu imafa?

Siifa, imangotsala yopanda operating system, ndipo ntchito imayambidwanso kuchokera pa fulashi. Choopsadi ndi kuzima pa nthawi yosintha BIOS, kapulogalamu ka m'kati koyatsira laputopu, kumene kungasiye laputopu yosayakanso. Malaputopu ambiri akale ali ndi mabatire osasunga moto, ndipo chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri patsiku m'madera onse a Lusaka, ku Kabwata ndi Chelstone monganso ku Woodlands ndi Kabulonga. Laputopu ya batire lakufa iyambidwe pamene magetsi angobwera kumene, kapena pa malo a sola kapena inverter, ndipo BIOS isakhudzidwe popanda batire lodalirika.

N'chifukwa chiyani nthawi zina disiki siyioneka, kapena Windows imakana kulowa?

Pa malaputopu ambiri a Intel a m'badwo wa 11 kupita mtsogolo, disiki imabisika kuseri kwa Intel RST kapena VMD. Njira yake ndi kuika driver wa RST pa fulashi n'kumulowetsa podina Load driver, kapena kusintha mu BIOS kuti disiki iziyenda pa AHCI ngati mwayiwo ulipo. Uthenga wonena za GPT ndi MBR umatanthauza kuti kadulidwe ka disiki sikakugwirizana ndi mmene fulashi yayatsidwira: UEFI imayenda ndi GPT, BIOS yakale imayenda ndi MBR. Kufafaniza magawo onse kumathetsa mkanganowo. Ntchito ikamaima pa malo amodzimodzi mobwerezabwereza, wokayikiridwa woyamba ndi fulashi, wachiwiri disiki, wachitatu RAM.

Kodi laisensi ya Windows imagulidwanso akafomata?

Kawirikawiri ayi. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, opanga malaputopu amalemba kiyi m'kati mwa firmware, ndipo Windows 10 ndi 11 zimasunga laisensi yomangirizidwa ku motherboard. Laputopu imene inali ndi Windows yovomerezeka imadzitsimikizira yokha ikalumikizidwa pa intaneti, malinga ngati yaikidwa mtundu womwewo. Laisensi ya Home siitsegula Pro. Pamene pulogalamu yoikira ikufunsa kiyi ya zilembo 25, munthu amangodina kuti alibe. Makiyi a Windows 7 a pa chomata cha pansi pa laputopu anasiya kulandiridwa pa Windows yatsopano mu Seputembala 2023.

Mapulogalamu othyolera laisensi amanamizira njira ya KMS, yopangidwira makampani, imene imatha pa masiku 180 ngati siinakonzedwenso. Ndicho chifukwa chake uthenga wa Activate Windows umabweranso patapita miyezi. Mapulogalamu ambiri otere amafuna kuti chitetezo chizimitsidwe kaye, ndipo imeneyi ndi njira yodziwika yolowetsera mavairasi. Ku Zambia mapulogalamu a kompyuta ndi otetezedwa ndi Copyright and Performance Rights Act ya 1994. Windows yosatsimikizidwa imagwirabe ntchito ndipo imalandira zigamba, kungoti imaonetsa uthenga pakona ndi kuletsa kusintha maonekedwe.

Kodi Windows ndi Linux zingakhale mu laputopu imodzi?

Zingakhale. Windows imayamba kuikidwa, gawo lake limachepetsedwa, ndipo Linux imalowa m'malo otsalawo n'kuika mndandanda wosankhira poyatsa. Disiki ya 128 GB ndi yothina pa zimenezi. Wotchi imathanso kusiyana ndi maola 2 munthu akachoka mu Linux kupita mu Windows, chifukwa Linux imasunga nthawi ya UTC pamene Windows imasunga ya kuno. Ndi vuto laling'ono lotheka kukonza.

Nanga laputopu yofunsa pasiwedi ya BIOS kapena imelo ya kampani yachilendo?

Kufomata sikuchotsa zimenezi. Pasiwedi ya BIOS siikhala pa disiki, ndipo pa malaputopu a makampani monga ThinkPad ndi EliteBook kuichotsa n'kovuta kwambiri. Laputopu yolembetsedwa mu Windows Autopilot imazindikirika ndi zida zake ikangolowa pa intaneti, n'kuonetsa dzina la kampani imene inali mwini wake. Kawirikawiri woichotsa m'kaundula ndi kampaniyo. MacBook yotsekedwa ndi Activation Lock ili chimodzimodzi: imafuna akaunti ya Apple ya mwini woyamba. Zotsekazi ziyenera kuyesedwa pa shopu ndalama zisanaperekedwe, ndipo lisiti lolembedwa nambala ya laputopu, serial number, limathandiza pobweza katundu, pokadandaula ku bungwe loteteza ogula la CCPC, ngakhalenso ngati patabuka nkhani ya katundu wobedwa.

Wopereka laputopu kwa wokonza ayenera kuonetsetsa chiyani?

Asanapite, akopere yekha mafayilo ake ndi kutuluka m'maakaunti a m'brawuza. Wokonza amene wapatsidwa ntchito yosamutsa mafayilo amakhala ndi mwayi woona zithunzi, zikalata ndi kope la chitupa cha NRC, ndipo ngakhale Data Protection Act ya 2021 ilipo, chinsinsi chikatuluka sichibwezeka. Wogulitsa laputopu yake adziwenso kuti kufomata kwachangu sikufafaniziratu hard disk. Mu Reset this PC muli njira yopukutiratu disiki, imene imatenga nthawi yaitali koma ndiyo yoyenera. Wopereka laputopu agwirizane ndi wokonza za mtundu wa operating system, kumene ISO yachokera, ndiponso kuti asaikemo mapulogalamu othyoledwa monga basela. Kulemba kukula kwa RAM ndi disiki asanaisiye kumateteza mbali zonse ziwiri ku mikangano.

Potenga laputopu, ntchito iyesedwe pomwepo. Mu Device Manager musakhale chida cha chizindikiro chachikasu, chimene chimasonyeza kuti driver akusowa. Ma driver amachokera ku Windows Update kapena pa webusaiti ya HP, Dell kapena Lenovo polemba nambala ya laputopu. WiFi, mawu, kamera, touchpad, mabowo a USB ndi mabatani owalitsira sikirini ziyesedwe chimodzichimodzi. Activation ionetse kuti Windows ndi yotsimikizidwa, Windows Security ikhale yoyaka, ndipo Windows Update isakhale yotsekedwa, pakuti okonza ena amaitseka poganiza kuti akupulumutsira kasitomala bandulo. Laputopu imene yalephera pa chimodzi mwa zimenezi ntchito yake siinathe, ndipo isachoke pa shopu.